Ufulu wokonzetsa katundu ufike mpaka pa misika ya pa intaneti

Mayiko a m'bungwe la European Union anapatsidwa mpaka pa 31 Julayi 2026 kuti alowetse m'malamulo awo dongosolo lopatsa ogula ufulu wokonzetsa katundu akawonongeka, m'malo mokakamizika kugula wina. Chikhazikitsireni dongosololi mu 2024, mkangano sunazizire pakati pa mabungwe oimira ogula, makampani opanga zipangizo zamagetsi ndi amalonda ogulitsa zipangizozi pa intaneti. Otsutsa akuti malamulo oterewa akweza mitengo, afinya ogulitsa ang'onoang'ono, ndiponso aika miyoyo pachiswe chifukwa aliyense azidzatsegula foni yokhala ndi batire lotha kuyaka moto. Ine ndili mbali inayo, ndipo ndineneretu poyamba pomwe: malamulowa ndi abwino kwa malonda a pa intaneti, ndipo chofooka chawo n'chakuti sanafike mokwanira pamene malonda ambiri akuchitikira masiku ano, pa misika ikuluikulu imene imakumanitsa wogula ndi wogulitsa amene sadzaonana maso ndi maso.

Kuti tikambirane bwino, tiyambe taona zimene malamulowa akunena, chifukwa ambiri owatsutsa amawapatsa mphamvu zimene alibe. Dongosolo la ku Ulaya likulamula wopanga katundu kuti azikonza zinthu monga makina ochapira zovala, mafiriji, ma TV, mafoni ndi matabuleti pa mtengo woyenera ndiponso m'nthawi yoyenera, ngakhale waranti itatha. Wogula amene katundu wake wavuta waranti ikadalipo, akasankha kuti akonzedwe m'malo mopatsidwa watsopano, amawonjezeredwa miyezi 12 pa waranti ya zaka 2 imene malamulo a kumeneko amapereka kale. Palinso lamulo lina la mafoni ndi matabuleti limene linayamba kugwira ntchito pa 20 Juni 2025. Lamulo limeneli likuti masipeya azipezeka kwa zaka 7 kuchokera pamene mtundu wa foniyo waleka kugulitsidwa, pulogalamu yoyendetsa foniyo izilandira zokonza kwa zaka zosachepera 5, ndipo batire lizitha kutchajidwa maulendo 800 lisanatsike pa 80 peresenti ya mphamvu zake. Ku America kulibe lamulo limodzi la dziko lonse pa nkhaniyi, koma zigawo zina zapanga awo. La New York linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2023, la Minnesota ndi la California pa 1 Julayi 2024, ndipo la California limati katundu amene mtengo wake wopikulira ndi madola 100 kapena kuposerapo azikhala ndi masipeya ndi mabuku a kakonzedwe kwa zaka 7. Palibe limodzi mwa malamulowa limene limaletsa munthu kugula chatsopano, kapena kukakamiza wogulitsa kukonza kwaulere chinthu chimene mwini wake wachiphwanya yekha.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuti wogula pa intaneti ndiye akusowa malamulowa kuposa wina aliyense? Munthu wolowa m'sitolo amatha kuchigwira chinthucho, kuchitembenuza, kuona ngati chili ndi masikuluwu kapena chinangomatidwa ndi guluu, ndiponso kufunsa wogulitsa kumene angapite chikadzavuta. Wogula pa intaneti amangoona zithunzi zokongoletsedwa, mndandanda wa zimene chinthucho chimachita, ndi ndemanga za ogula anzake, zimene kawirikawiri zimalembedwa katundu atangofika kumene. Ndemanga zoterozo zimayamikira kuwala kwa sikirini ndi ubwino wa kamera, koma sizingamuuze munthu zimene zidzachitike m'chaka chachitatu batire likadzayamba kutha msanga. Chotsatira chake n'chakuti ogulitsa amapikisana pa zinthu zooneka tsiku logula, ndipo kampani imene yawononga ndalama kupanga chinthu cholimba ndi chotheka kukonza imalephera kusonyeza ubwino umenewo pa tsamba pamene mtengo ndiwo walembedwa m'zilembo zazikulu. Dziko la France linaliona vutoli, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2021 linalamula kuti mafoni, malaputopu, ma TV, makina ochapira zovala ndi makina otchetchera kapinga azikhala ndi nambala yosapitirira 10 yosonyeza kuphweka kwa kakonzedwe kake, ndipo nambalayo izioneka pafupi ndi mtengo, m'sitolo ndi pa intaneti pomwe. Chizindikiro chatsopano cha mafoni cha ku Ulaya chikuchitanso zomwezo pogwiritsa ntchito zilembo A mpaka E. Nambala kapena chilembo chimodzi chotero chimauza wogula zimene manja ake sakanatha kufufuza, ndipo chimapatsa wogulitsa woona mtima njira yodziwikira pakati pa anzake.

Mfundo yoyamba imene otsutsa amatchula ndi ya mitengo, ndipo si mfundo yachabe. Kusunga masipeya kwa zaka 7 kumafuna nyumba zosungiramo, anthu owerengera katundu, ndi ndalama zimene zimangokhala osabala phindu. Kupanga foni yotseguka mosavuta koma yosalowa madzi kumafuna luso ndi nthawi kuposa kungoimata. Ndalama zonsezi, iwo amatero, zidzatuluka m'thumba la wogula, ndipo adzavutike kwambiri ndi munthu wopeza zochepa amene amapita pa intaneti kukasaka chinthu chotchipa. Ndikuvomera kuti mitengo ya zinthu zina ingakwereko. Koma mtengo wolembedwa pa tsamba si mtengo wonse wa chinthu. Tabuleti yotchipa imene imafa pakatha zaka 2 chifukwa kabowo kotchajira kaguluka ndipo kulibe kopeza kena imadya ndalama zambiri pa chaka kuposa yokwererako pang'ono imene imatumikira zaka 5. Ndipo amene kugula kawiri kumamupweteka ndi wosauka yemweyo, chifukwa wolemera chinthu chikafa amangoitanitsa china tsiku lomwelo. Choncho amene akudera nkhawa anthu opeza zochepa ndiwo ayenera kukhala oyamba kufuna kuti zinthu zizitheka kukonza.

Komabe pa nkhani ya mitengoyi pali pamene malamulowa ndi ofooka, ndipo oikira kumbuyo ufuluwu sayenera kubisa. Amanena za mtengo woyenera wa masipeya popanda kuika malire ake. Sikirini ikamagulitsidwa pa mtengo woyandikana ndi wa foni yatsopano, ufulu wokonzetsa umangokhala papepala, chifukwa munthu wanzeru aliyense angasankhe kugula yatsopanoyo. Njira ya ku France imawerengera mtengo wa masipeya popereka nambala ija, pamene chizindikiro cha mafoni cha ku Ulaya sichiuwerengera, ndipo kumeneku ndi kubwerera m'mbuyo. Chimenechi ndi chifukwa cholimbitsira malamulowa, osati chowachotsera.

Mfundo yachiwiri ndi ya chitetezo. Makampani amati batire la lithium likabooledwa limayaka moto wovuta kuzimitsa, kuti masipeya achinyengo adzadzaza pa intaneti, ndiponso kuti kachipangizo kozindikira chala kapena nkhope ya mwini foni kakasinthidwa ndi munthu wosadziwika, zinsinsi ndi ndalama za mwiniwakeyo zingabedwe. Zoopsa zimenezi zilipodi. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi zimachepa chidziwitso chikabisidwa kapena chikaperekedwa. Anthu amatsegula mafoni kaya lamulo lilipo kaya palibe, ndipo mmisiri amene wamanidwa buku la kakonzedwe ndi batire lenileni amagula lililonse limene wapeza, n'kumamatula ndi kachitsulo batire lakale lomatidwa ndi guluu, ndipo ngozi imachokera pamenepo. Bungwe la boma la America loona za malonda, Federal Trade Commission, litafufuza zifukwa zimene makampani amapereka poletsa ena kukonza katundu, linanena mu lipoti lake la mu 2021 kuti umboni wochirikiza zifukwazo ndi wochepa kwambiri. Tiganizirenso galimoto. Mabuleki ake amakonzedwa tsiku ndi tsiku m'magalaja osakhala a kampani imene inaipanga, ngakhale kuti buleki yolakwika ingaphe anthu ambiri nthawi imodzi. Ovota a m'chigawo cha Massachusetts ku America atavomereza lamulo la ufulu wokonzetsa magalimoto mu 2012, njira imene anasankha inali yopatsa amisiri onse chidziwitso ndi zida zimene magalaja a kampani amagwiritsa ntchito. Ngakhale Apple, imene kwa zaka zambiri inkatsutsa malamulo oterewa, inayamba kugulitsa masipeya ndi kubwereketsa zida kwa anthu wamba mu 2022, ndipo mu 2023 inachirikiza lamulo la California.

Pa nkhani ya chitetezo yomweyi pali khalidwe limene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa limakhudza malonda a pa intaneti mwachindunji. Makampani ena amalembetsa sipeya iliyonse, kaya batire, sikirini kapena kamera, ku foni imodzi yokha kudzera mu pulogalamu, kotero kuti munthu akachotsa sikirini yeniyeni pa foni yakufa n'kuiika pa inzake ya mtundu womwewo, foniyo imayamba kulemba machenjezo kapena kusiya zina zimene inkachita. Chigawo cha Oregon chinaletsa khalidweli m'lamulo limene linasainidwa mu 2024, ndipo chinali choyamba ku America kutero pa zipangizo zamagetsi. Kufunika kwa chiletsochi kumaoneka tikaganizira malonda a zipangizo zokonzedwanso, amene akula kwambiri pa intaneti. Back Market, kampani ya ku France imene inayamba mu 2014, imachita malonda amenewa okha, ndipo Amazon ndi eBay nazonso zili ndi mbali za katundu wokonzedwanso. Ogulitsa pa misika imeneyi amadalira kutenga zabwino pa mafoni awiri kapena atatu owonongeka n'kupanga imodzi yogwira ntchito. Pulogalamu ikakana sipeya yeniyeni chifukwa chongoti yachokera pa foni ina, ntchito yawo imaima, ndipo wogula amene sakanakwanitsa foni yatsopano amataya njira imene anali nayo yopezera chinthu chabwino pa mtengo wotsika. Nkhawa ya mafoni obedwa, imene makampani amatchula poikira kumbuyo khalidweli, ingathetsedwe potseka masipeya a foni imene mwini wake wanena kuti yabedwa, popanda kutseka masipeya a mafoni onse.

Mfundo yachitatu imanenedwa motsitsa mawu, koma ndiyo ili pansi pa zonse: anthu akamakhalitsa ndi zipangizo zawo, ogulitsa adzagulitsa zochepa. Izi n'zoona kwa wamalonda amene phindu lake limadalira kuti wogula abwerenso posachedwa chifukwa chinthu chafa. Koma phindu loterolo pali amene amalilipira. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinatoleredwa ndi kugwiritsidwanso ntchito m'njira yovomerezeka zinangopitirira pang'ono 22 peresenti. Zambiri mwa zotsalazo zimathera kudzala, kuwotchedwa poyera, kapena kutumizidwa kumene anthu osadziteteza amazisungunula kuti apeze mkuwa ndi golide, akupuma utsi wa poizoni. Komanso gawo lalikulu la mpweya woipa umene foni imachititsa pa moyo wake wonse limatuluka poipanga, osati poigwiritsa ntchito, kotero kuti chaka chilichonse chowonjezera pa moyo wa foni chili ndi phindu kwa tonse. Lamulo likabwezera opanga ndi ogulitsa gawo la mtolo umenewu, silikuwalanda kanthu kawo. Ndipo malonda sakutha, akungosintha maonekedwe. Mabatire, masikirini, zida zokonzera ndi katundu wokonzedwanso, zonsezi zimagulitsidwa bwino pa intaneti, ndipo kampani ya iFixit yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zambiri, kupereka malangizo a kakonzedwe kwaulere n'kumagulitsa zida ndi masipeya.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse ndi ya ogulitsa ang'onoang'ono. Malinga ndi dongosolo la ku Ulaya, wopanga katundu akakhala kunja kwa mayikowo, udindo wokonza umagwera womuimira. Womuimira akapanda kukhalapo umagwera woitanitsa katunduyo, ndipo akasowanso ameneyo umagwera wogulitsa. Munthu wa bizinesi yaing'ono amene amaitanitsa matabuleti ochepa kuchokera ku fakitale yosatchuka n'kumawagulitsa pa intaneti angapezeke ali ndi udindo wa zaka zambiri umene sangaukwanitse, pamene kampani yaikulu ili ndi maloya, nyumba zosungiramo katundu ndi mapangano olimba ndi opanga. Otsutsa amati mapeto ake ang'onoang'ono adzachoka pa msika ndipo akuluakulu adzatsala okha. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma kumasula ang'onoang'ono ku lamulo sikungathetse vutoli, chifukwa katundu yense wosalimba angayambe kudutsira pa khomo lotsegukalo, ndipo makampani akuluakulu angadzigawe m'timagulu kuti nawonso akwanepo. Lamulo limalola kale kuti ntchito yokonza iperekedwe kwa amisiri ena, choncho wogulitsa wamng'ono safunika kukhala ndi malo akeake okonzera. Chimene chimasintha ndi kasankhidwe kake ka katundu. Asanaitanitse, azifunsa fakitale ngati ili ndi masipeya ndiponso kuti idzawapereka kwa zaka zingati, ndipo funso limeneli likamafunsidwa ndi ogulitsa masauzande ambiri, mafakitale amayamba kuliyankha. Tisaiwalenso kuti amisiri oima paokha ndi ogulitsa masipeya nawonso ndi amalonda ang'onoang'ono, ndipo malamulowa ndiwo akuwapatsa mwayi umene ankamanidwa.

Apa m'pamene ndikufika pa mpata waukulu umene malamulowa asiya. Wogulitsa womvera lamulo sakupikisana ndi mnzake womvera lamulo yekha ayi. Akupikisananso ndi wogulitsa wa kutsidya kwa nyanja amene amatumiza phukusi molunjika kwa wogula, wopanda womuimira, wopanda adiresi yodalirika, amene lero akudziwika ndi dzina ili ndipo mwezi wamawa watsegula sitolo ina ndi dzina lina. Bungwe la European Commission linanena kuti mu 2024 maphukusi pafupifupi 4.6 biliyoni a katundu wosapitirira mayuro 150 analowa m'mayiko a European Union, kutanthauza pafupifupi 12 miliyoni tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku China. Si onse amene anali a zipangizo zamagetsi, komanso kuchokera kutali sikutanthauza kuti katundu ndi woipa, popeza mafoni apamwamba kwambiri amapangidwanso komweko. Vuto n'lakuti katundu akawonongeka, wogula alibe munthu woti n'kumugwira. Akadandaulira msika umene anagulirapo, yankho lofala n'lakuti iwo ndi mkhalapakati chabe ndipo nkhaniyo ikambidwe ndi wogulitsa. Pa Amazon pokha, zinthu zoposa theka la zonse zogulitsidwa zimachokera kwa ogulitsa oima paokha, ndipo misika ina monga AliExpress ndi Temu imadalira kwenikweni njira imeneyi. Malamulo a ufulu wokonzetsa akamanga wogulitsa wodziwika n'kusiya wosadziwikayu, ndiye kuti akulanga womvera ndi kusangalatsa wozemba, ndipo pa mfundo imeneyi amalonda odandaula akunena zoona.

Chifukwa chake ndikuti udindo ufike pa msika weniweniwo. Eni misikayi amayankha kuti ali ndi zinthu mamiliyoni ambiri pa masamba awo ndipo sangathe kufufuza chilichonse. Koma ntchito ya msika wa pa intaneti si kungoonetsa zotsatsa za ena ayi. Ndiwo umalandira ndalama za wogula, umasankha katundu woti aoneke pamwamba munthu akamafufuza, umagulitsa malo otsatsira, nthawi zambiri umasunga ndi kutumiza katunduyo, ndipo umadulapo gawo lake pa malonda alionse. Wodya nawo phindu ayenera kusenza nawo udindo. Ndiponso zimenezi zachitikapo kale pa nkhani zina. Kuyambira mu Julayi 2021, misika ya pa intaneti ndiyo imaonedwa ngati wogulitsa pa nkhani ya msonkho wa VAT pa katundu wotsika mtengo wolowa ku Ulaya. Lamulo la ku Ulaya lotchedwa Digital Services Act limakakamiza misikayi kutsimikizira dzina ndi adiresi ya wamalonda asanayambe kugulitsa. Ku Germany, kuyambira mu 2023, msika suloledwa kutsatsa zipangizo zamagetsi za wopanga amene sanalembetse m'kaundula wa zinyalala za zipangizozi. Ku America, bungwe loona za chitetezo cha katundu wa ogula linagamula mu 2024 kuti Amazon ili ndi udindo pa katundu woopsa wa ogulitsa ena amene imawasungira ndi kuwatumizira, ngakhale kuti kampaniyo inakatsutsa chigamulochi kukhoti. Ngati msika ungathe kutolera msonkho pa phukusi lililonse, ungathenso kukana kuika pa tsamba foni imene ilibe dzina la woiyankhira, chizindikiro cha kakonzedwe, ndi kumene masipeya ake amapezeka.

Zimene ndikupempha sizovuta kwa anthu a luso la makompyuta. Wogula azitha kusanja katundu potengera kuphweka kwa kakonzedwe monga mmene amasanjira potengera mtengo. Mtengo wa batire ndi sikirini uzioneka pa tsamba logulira, osati pa tsamba lina la wopanga limene munthu amayamba kulisaka chinthu chitawonongeka kale. Ndipo wogulitsa akazimiririka waranti isanathe, msika umene unamulola kugulitsa uzilowa m'malo mwake. Chomalizachi pachokha chingasinthe zambiri, chifukwa msika wodziwa kuti udzalipira umayamba kusamala posankha amene ukuwalola kulowa.

Pali mbali inanso imene ikusonyeza kuti malamulowa angapeputsire ogulitsa pa intaneti ntchito. Chizolowezi cha malondawa n'chakuti chinthu chikavuta, wogula amabwezeredwa ndalama kapena kutumiziridwa china, chifukwa wogulitsa alibe kauntala pamene munthu angasiye katundu kuti akonzedwe. Kubweza katundu kumadya ndalama zambiri. Pamakhala kulipira mtengatenga kawiri, kuyesa chinthucho ndi kuchilongedzanso, komanso zipangizo zokhala ndi mabatire a lithium zili ndi malamulo okhwima a katumizidwe, makamaka pa ndege. Nthawi zina chinthu chimene chinangofunika kusintha kachidutswa kamodzi chimathera kutayidwa chifukwa kuchibwezeretsa pa msika n'kokwera mtengo kuposa phindu lake. Masipeya ndi mabuku a kakonzedwe akamapezeka kwa mmisiri aliyense, wogulitsa wa kutali angathe kupangana ndi amisiri okhala pafupi ndi ogula ake, n'kulipira ntchito ya tsiku limodzi m'malo motaya chinthu chonse. Dongosolo la ku Ulaya likukhazikitsanso tsamba lothandiza ogula kupeza amisiri apafupi, pamodzi ndi fomu yofanana yolembapo mtengo ndi nthawi yokonzera, imene mmisiri akaipereka sangasinthe mawu ake kwa masiku 30.

Ena amati zonsezi n'zachabe chifukwa anthu amakonda zatsopano ndipo amasintha foni ikadali yabwinobwino. Alipodi otero, ndipo lamulo silikuwaletsa. Koma foni imene iwo aisiya imapita kwa munthu wina, ndipo kuti wachiwiriyo ndi wachitatu aigwiritse ntchito, pamafunika batire latsopano ndi pulogalamu imene ikulandirabe zokonza za chitetezo. Ngakhale wokonda zatsopanoyo amapindula, popeza chinthu chotheka kukonza amachigulitsa pa mtengo wabwino. Nkhani ya mapulogalamuyi si yaing'ono. Pamene Microsoft inathetsa thandizo lanthawi zonse la pulogalamu yake yoyendetsa makompyuta ya Windows 10 mu Okutobala 2025, makompyuta ambirimbiri amene ankagwira bwino ntchito anali osavomerezeka kulandira Windows 11, ndipo wogula makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito pa intaneti angathe kugula imodzi mwa imeneyi osadziwa, ngati palibe lamulo lokakamiza wogulitsa kumuuza.

Dandaulo lomaliza ndi la kusiyana kwa malamulo. Wogulitsa pa intaneti amatumiza katundu kulikonse, ndipo n'zotopetsa kutsatira lamulo la New York, limene linafooketsedwa pa nthawi yolisaina mpaka kulola opanga kugulitsa zidutswa zolumikizidwa kale m'malo mwa kasipeya kamodzikamodzi, kenako la Oregon lokhwima, kenako la ku Ulaya. Apa ndikugwirizana nawo kuti malamulo ayenera kuyandikana, koma ayandikane pokwera, osati potsika. Opanga sakonda kupanga mitundu yosiyana ya foni imodzi, ndipo mayiko a ku Ulaya atalamula chaja ya USB-C, Apple inaika kabowo kameneko pa iPhone 15 ya dziko lonse lapansi mu 2023. Lamulo lina la ku Ulaya, lofuna kuti kuyambira mu 2027 mabatire a zipangizo zambiri zonyamula m'manja azitha kusinthidwa ndi mwini wake, lingachitenso chimodzimodzi. Koma chimene chimawoloka malire ndi kapangidwe ka chinthu. Waranti, masipeya ndi udindo wa wogulitsa siziwoloka zokha. Dziko limene lilibe lamulo lake likhoza kukhala kothera katundu wokanidwa kwina, ndipo pa intaneti kusamutsa katundu wotere kumangofuna kusintha mndandanda wa mayiko otumizako.

Chatsala ndi kulondoloza. Ku France opanga amadziwerengera okha nambala ija potsatira njira imene boma linaika, ndipo nambala yodziwerengera wekha imakhala ndi tanthauzo pokhapokha wina akamaifufuza. Mabungwe oyang'anira misika anazolowera kulowa m'masitolo ndi kuona zimene zili m'mashelefu, pamene malonda asamukira pa masamba osintha ola lililonse. Akufunika ndalama ndi antchito oti azigula katundu pa intaneti ngati ogula wamba, kuitanitsa batire kuti aone ngati lifikadi m'masiku amene lamulo linanena, ndi kutsegula foni kuti aone ngati chilembo chake chikunena zoona. Akapeza chinyengo, chilango chizifika kwa wogulitsa ndi msika womwe, ndipo chizikhala chachikulu moti kampani yaikulu isachione ngati gawo la ndalama zoyendetsera bizinesi.